Foni yafupikitsa njira, koma yacotsa mboni

Tsiku lina la Mulungu m'mwezi wa Novembala 2025, titatsiriza mapemphero pa chalichi cathu ca kumudzi, amayi ena amasiye a zaka zopitirira 60 anatsalira pakhomo. Anthu atabalalika anamasula mfundo ya citenje, natulutsa kafoni kawo ka mabatani. Anati: "A Katekisiti, tandionerani umu. Ndinasungamo ndalama ya cimanga kuti ndilipire feteleza, koma mtsikana wa pa kantemba akuti mulibe kanthu."

Tinakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi wapampando wa mphakati wawo, n'kuyamba kuwerenga mameseji onse. Ndalama inalowadi m'mwezi wa Seputembala. Kenaka inayamba kutuluka pang'onopang'ono, K20 lero, K50 mawa, kawirikawiri pakati pa usiku, kupita ku kampani ina ya zobecha. Pamwamba pa izo panali nkhongole ya pafoni imene amayiwa sanali kuidziwa n'komwe. Amene anali kudziwa nambala yacinsinsi ndi mdzukulu wawo, mnyamata amene analera okha, yemwe anali kuwawerengera mameseji popeza maso awo anafooka. Mnyamatayo sanathyole citseko kapena kukumba pansi pa mphasa. Ndalama inatha ambuye ake ali m'tulo m'nyumba yomweyo.

Mphakati unasonkha, K400 inalipidwa nthawi isanathe, ndipo mlandu wa mnyamatayo unakambidwa ndi akulu a banja monga mwa mwambo. Sitikulemba izi kuti ticititse munthu manyazi. Tayamba nazo cifukwa zikuonetsa bwino cinthu cimene takhala tikucilingalira kwa zaka zingapo. Makina atsopano afupikitsa njira ya ndalama, ndipo pa ici tiyenera kuthokoza. Komatu acotsanso mboni imene kale inali kuima pakati pa munthu ndi ndalama yake, ndipo ngati sitiibwezera tokha, palibe kampani imene idzaticitire.

Mmene ndalama inali kuyendera

Boma lathu la Rufunsa linapatulidwa ku Chongwe m'caka ca 2012, mu ulamuliro wa malemu Michael Sata. Akulu akumbukira kuti masiku amenewo ndi m'mbuyo mwake, wofuna banki anali kukwera galimoto kupita ku Chongwe kapena ku Lusaka. Mwana wogwira nchito m'tauni akafuna kuthandiza makolo ku Mpanshya kapena ku Shikabeta, anali kuika ndalama mu envelopu n'kupatsa kondakitala wa basi ya ku Chipata, kapena kudikira m'bale wobwera kumudzi. Envelopu ina inali kufika itapepuka, ina inali kusowera m'njira. Wodwala anali kugona pa cipatala ca St Luke's ku Mpanshya masiku angapo abale akudikira thandizo limene lero limafika m'mphindi imodzi. Amene amanena kuti kale kunali bwino m'zonse aiwala mavuto amenewa.

Koma ndalama ya masiku aja, ngakhale inali yocedwa, inali kuyenda poyera. Envelopu inali kutsegulidwa pamaso pa banja. Cipepeso ca maliro cinali kulembedwa m'kope ndi kuwerengedwa mokweza. Wokongola mbuzi kapena thumba la cimanga anali kubwera ndi mnzake, ndipo zikavuta nkhani inali kupita kwa a nyakwawa. Makolo athu sanali kumanga cinthu cacikulu anthu awiri okha, n'cifukwa cake ukwati uli ndi ankhoswe, ndipo Mpingo nawonso sudalitsa ukwati popanda mboni ziwiri. Mboni imateteza wofooka, komanso imathandiza wamphamvu kuti asagwe m'ciyeso, pakuti munthu amacita manyazi akamaonedwa.

Tsono kunabwera foni. Ambiri tikumbukira kukwera pa culu kufunafuna netiweki ya Celtel, imene inasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, kapena ya Telecel imene inakhala MTN mu 2005. Ku Kenya kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007, ndipo maiko ambiri a mu Africa anaona kuti foni ingathe kukhala cikwama. Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2011, ya MTN n'kutsatira mu 2012. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 anthu akuluakulu 14 mwa 100 alionse ndiwo anali kugwiritsa nchito ndalama za pafoni, koma pofika 2020 anali opitirira 58 mwa 100. M'zaka zisanu zokha dziko linasintha kasungidwe kake ka ndalama, ndipo panalibe amene anaima kuti aphunzitse ambuya akumudzi malamulo a cikwama catsopanoci.

Phunziro la Zoona

Pakati pa nkhaniyi pali kampani ina yaing'ono imene mbiri yake iyenera kudziwidwa ndi mnyamata aliyense wofuna kuyamba bizinesi. Mu 2009 abale awiri, Brad ndi Brett Magrath, anayambitsa kuno ku Zambia kampani yotumiza ndalama imene pambuyo pake inachedwa Zoona, dzina lotengedwa m'cinenero cathu comwe cino. Mwa nchito zake zoyamba munali za alimi a thonje. Tuntemba twake tobiriwira tunafalikira m'misika ndi m'masiteshoni, mpaka kufika ku Malawi ndi ku Mozambique. Wotumiza sanali kufunika akaunti ya kubanki. Anali kupereka ndalama pawindo, wolandira n'kupita pa kantemba kena ndi reji yake pamodzi ndi nambala yacinsinsi.

Nanga n'cifukwa ciyani anthu osadziwa kompyuta anakhulupirira njira imeneyi msanga? Ife tiona kuti anakhulupirira mtsikana wa pawindo. Iye anali kuyang'ana reji, kuyang'ana nkhope, kuwerenga ndalama poyera, ndipo mawa anali kupezeka pamalo omwewo. Makina anali kumbuyo, koma kutsogolo kunali munthu. Ici ndico phunziro loyamba.

Laciwiri ndi lowawa. Makampani a mafoni ataona kuti msika wapsa, anadzaza misewu ndi tuntemba twawo tofiira ndi tacikasu, ndipo popeza netiweki ndi ma SIM onse ndi awo, wamng'ono sanathe kulimbana nawo. Tuntemba tobiriwira tunayamba kucepa, ndipo mu 2022 kampani ya Chipper Cash inalengeza kuti ikugula Zoona. Wamng'ono analambula njira, wamkulu n'kudutsamo ndi ngolo yake. Acinyamata athu amene atsegula tuntemba pa Chinyunyu, pa Rufunsa ndi pa Luangwa Bridge adziwe zimenezi. Nchito yawo ndi yabwino ndipo yatithandiza tonse, koma phindu lawo limaikidwa ndi kampani imene ili kutali, ndipo tuntemba tukafika khumi pamzere umodzi, phindu lomwelo ligawidwa pakhumi. Wanzeru asasiye munda kapena khola la nkhuku cifukwa ca kantemba.

Feteleza wa pafoni

Kwa mlimi, kusintha kwakukulu kwafika kudzera mu feteleza wa boma. Pulogalamu imeneyi inayamba mu 2002, ndipo mu 2009 inapatsidwa dzina la FISP. M'nyengo ya 2015/2016 boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13, mlimi n'kumalandira khadi lokagulira m'sitolo. Mu 2017/2018 njirayi inafalitsidwa m'dziko lonse, koma makhadi ambiri anacedwa kutsegulidwa, netiweki inali kuvuta, ndipo nyengo yotsatira maboma ambiri anabwezedwa ku njira yakale. Boma linayambiranso pang'onopang'ono, kufika maboma 74 mu 2024/2025, ndipo m'nyengo ya 2025/2026 linaika maboma onse 116 pa e-voucher. M'njira yatsopanoyi mlimi amalipira K400 yake, amalandira nambala pafoni, n'kupita nayo pamodzi ndi reji kwa wogulitsa wovomerezeka.

Ubwino wake sitingaukane. Mlimi ali ndi mwayi wosankha mbeu yoyenera dera lake, ndipo masitolo a zaulimi apeza msika, kotero kuti ena mwa ana athu alembedwamo nchito. Maina a anthu akufa ndi alimi a m'mapepala, amene anali kudya feteleza wa osauka, savuta kuwagwira ngati zonse zili mu kompyuta. Njira yakale inali ndi akuba ake, ndipo ena mwa iwo tinali kupemphera nawo.

Koma taonani pamene mboni yacokera. Kale matumba anali kutsitsidwa pa shedi, mlembi wa kopaletivu n'kumaitana maina, mudzi wonse ukuona amene wanyamula ndi amene watsala. Lero zonse zimafikira mu foni imodzi. Foni ya yani? M'miphakati yathu tapeza amayi ambiri amene analembetsa nambala ya amuna awo, ya mwana amene anapita ku Lusaka, kapena SIM imene inatayika kale. Tapezanso alimi amene amasiya nambala ndi reji m'sitolo atauzidwa kuti katundu abwera sabata la mawa. Unduna wa Zamalimidwe wakhala ukucenjeza alimi kuti asamacite zimenezi, cifukwa mu kompyuta zimaoneka kuti mlimi walandira, pamene m'nyumba mwake mulibe thumba ndi limodzi lomwe. Akadzapita kukadandaula, adzanena kuti ndani anaona?

Nkhongole yopanda nkhope

Caka ca 2024 sitidzaciiwala. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 atakhudzidwa. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse ngakhale mu Lusaka. M'caka cimeneco foni inapulumutsa mabanja ambiri, pakuti thandizo la ana a m'tauni linali kufika tsiku lomwelo. Koma njala inatsegulanso khomo la nkhongole za mtundu watsopano.

Tiyambe ndi sola yolipira pang'onopang'ono, imene makampani monga ENGIE ndi Sun King amagulitsa. Munthu amapereka ndalama yoyamba, amatenga nyali ndi poikira foni, kenaka amalipira pafoni tsiku ndi tsiku kapena mwezi ndi mwezi. Akasiya kulipira, makinawo amadzitseka okha. Nzeru imeneyi yaika kuwala m'nyumba zimene mawaya a magetsi sanafike, ana akuwerenga usiku, ndipo moto wa makandulo wacepa. Cofunika ndi cakuti wogula awerengetse ndalama yonse kufikira tsiku lotsiriza asanasaine, ndiponso akumbukire kuti Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, nayonso ili m'cipangano.

Nkhongole za ndalama ndizo zoopsa koposa. Kompyuta imayang'ana mmene ndalama zimalowera ndi kutuluka mu nambala yanu, n'kukuuzani kuti mungathe kukongola zakutizakuti. Simufunika cikole kapena kupempha munthu, mungodina mabatani. Tiyerekeze kuti mwatenga K100 kuti mubweze K115 pakutha kwa mwezi. Zioneka zocepa. Koma mukacita zimenezi mwezi uliwonse kwa caka cathunthu, mwapereka K180 ya ciwongoladzanja pa K100 yomwe ija. Wa kaloba tinali kumudzudzula pa guwa, ndipo tinali kulondola, koma iye anali ndi nkhope. Mukagwa maliro munali kupita kukamudandaulira, ndipo akanyanya anali kuitanidwa kwa a nyakwawa. Kompyuta sidziwa kuti kwanu kwagwa zovuta. Imadula ndalama iliyonse yolowa, ndipo dzina la wolephera kubweza lingathe kulembedwa m'kaundula wa okongola oipa amene mabanki amayang'anamo.

Za kubecha mwaziona kale m'nkhani ya ambuya aja. Njuga si yacilendo, koma kale inali kuseweredwa kuseri kwa malo a mowa, kumene amalume anali kukupeza n'kukukoka khutu. Lero yalowa m'cipinda cogona, ndipo imatsegula usiku wonse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata amaona mnzake mmodzi amene anapambana, osaona makumi amene anagulitsa njinga.

Palinso akuba a pa mphepo. Ndani mwa ife sanalandirepo meseji yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena foni ya munthu waulemu wonena kuti ali ku ofesi ya kampani ndipo afuna nambala yanu yacinsinsi kuti akonze akaunti? Bungwe la ZICTA linaika nambala ya *707# yoneneza anthu otere, ndipo dziko lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2021 ndi malamulo a milandu ya pa intaneti a 2025. Tiwagwiritse nchito. Koma lamulo limafika ndalama itapita kale. Ndipo kunja kuno kwabwera makina ochedwa AI, amene amatha kutsanzira mau ndi nkhope ya munthu. Tsiku likubwera pamene mayi adzamva mau enieni a mwana wake akulira pafoni kuti ali m'manja mwa apolisi, pamene mwanayo ali phee ku nchito.

Acinyamata a nzeru zatsopano

Sitifuna kuti owerenga aganize kuti makina abweretsa zoipa zokha. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu Lusaka muli malo ochedwa BongoHive, amene anatsegulidwa mu 2011 kuti acinyamata a nzeru za kompyuta azikumana ndi kuyambitsa makampani. Kacirombo ka tomato kochedwa Tuta absoluta katasakaza madimba mu 2016, Mwiza Simbeye ndi anzake anakonza AgriPredict, njira yakuti mlimi ajambule tsamba lodwala ndi foni, makina n'kumuuza matenda ake. Zaka za m'mbuyomo bungwe la alimi la ZNFU linali litayamba kale kutumiza mitengo ya zokolola pa meseji kudzera pa nambala ya 4455. Mu Okutobala 2023 intaneti ya Starlink, yocokera ku makina a mumlengalenga, inayamba kugwira nchito mu Zambia, ndipo ingathe kufika kumene nsanja kulibe, ngakhale mtengo wake ndi wa sukulu kapena cipatala, osati wa mlimi mmodzi.

Ngakhale popanda makampani amenewa, alimi adzipezera okha njira. Wa tomato amaimba foni ku msika wa Soweto asanakweze mabokosi pa galimoto. Wa mbuzi amatumiza cithunzi pa WhatsApp, mtengo n'kumvana wogula asananyamuke. Wogula woyendayenda sangathenso kunama mosavuta za mtengo wa ku tauni. Tinenenso zoona, foni yomweyo yafulumizitsa malonda a makala, pakuti galimoto imaitanidwa uvuni usanazizire, ndipo mapiri athu akuonetsa zipsera.

Kwa ana athu a ku Lusaka amene akukonza zinthu zimenezi tili ndi pempho. Zambiri mwa nzeru zanu zifuna foni yaikulu, mabandulo ndi Cizungu. Mlimi wa kuno ali ndi foni ya mabatani, amaichaja kwa mnansi, ndipo amalankhula Cisoli ndi Cinyanja. Bwerani mudzayese zinthu zanu pansi pa mtengo, m'manja mwa ambuya amene saona bwino. Zikagwira nchito pamenepo, zidzagwira pena paliponse. Ndipo kumbukirani mtsikana wa pawindo la Zoona. Muike munthu wodziwika m'mudzi pakati pa makina anu ndi mlimi.

Mwambo wathu pa nthawi ya foni

Kusintha kwafika mpaka pa maliro. Uthenga umene kale unali kuyenda ndi mnyamata wa njinga lero umafika ku Kitwe ndi ku Johannesburg mtembo usanasambitsidwe, nthawi zina ana a malemu n'kumva za imfa ya bambo awo pa Facebook akulu asanawakhazike pansi. Cipepeso cimatumizidwa ku nambala ya munthu mmodzi, ndipo taona mabanja akupatukana pambuyo pa maliro cifukwa palibe amene adziwa kuti zinalowa zingati. Enanso ayamba kuganiza kuti akatumiza K50 ndiye kuti alira nawo. Ndalamayo ithandiza, koma manda amakumbidwa ndi manja, ndipo wamasiye afuna munthu wogona naye pa mphasa.

Citsanzo cabwino tili naco kale pakati pathu. Magulu osunga ndi kubwereketsa a SILC, amene bungwe la Catholic Relief Services linafalitsa, amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama imawerengedwa pamaso pa onse. Amayi osapita patali ndi sukulu ayendetsa magulu amenewa zaka zambiri popanda kutaya ngwee. Yerekezani ndi cilimba ca pa WhatsApp, ca anthu amene sanaonanepo, kumene msungicuma amazimitsa foni tsiku logawana. Kusiyana kwake ndi maloko atatu aja.

Mpingo sunakhale cete pa nkhaniyi. Papa Francis anapereka uthenga wake wa Tsiku la Mtendere la pa 1 Januwale 2024 pa nkhani ya AI. Papa Leo XIV, atasankhidwa mu Meyi 2025, anafotokozera makadinala kuti anatenga dzinali pokumbukira Papa Leo XIII, amene mu 1891 analemba kalata ya Rerum Novarum yoteteza anchito pa nthawi imene mafakitale anali kusintha dziko, ndipo anaonetsa kuti makina a masiku ano abweretsanso mafunso otero pa ulemu wa munthu ndi nchito yake. Ciphunzitso cimeneci cikatsikira kuno kwathu, cimafika pa funso la ambuya aja: ndani adzaima ndi ine pamene ndalama yanga ikuyenda mosaoneka?

Zimene tingacite

Coyamba, mlimi aliyense, makamaka amayi, akhale ndi SIM yolembetsedwa ndi reji yake, ndipo apite kwa mlembi wa kopaletivu kapena kwa mlangizi wa zaulimi kukaona ngati nambala yolembedwa ndi yomweyo. Izi zicitike nyengo ya feteleza isanafike, osati mitambo itayamba kuda.

Caciwiri, nambala yacinsinsi ikhale yacinsinsi ndithu. Isakhale caka cobadwa, ndipo isalembedwe kuseri kwa foni. Palibe wa kampani kapena wa boma amene ayenera kuifunsa. Kwa okalamba ndi osaona bwino, mphakati uliwonse usankhe anthu awiri okhulupirika, bambo ndi mayi, amene aziwawerengera mameseji pambuyo pa mapemphero, onse awiri ali pamodzi. Mwini foni adine yekha nambala yake, iwo atayang'ana kumbali.

Cacitatu, ndalama ya gulu, kaya ndi ya maliro, ya chalichi kapena ya kopaletivu, ikalowa pafoni ilembedwenso m'kope, ndipo mameseji awerengedwe mokweza pa msonkhano monga tinali kucitira ndi cipepeso. Msungicuma woona mtima sadzakhumudwa, pakuti zimenezi zimateteza dzina lake.

Cacinayi, popita kukatenga feteleza tipite m'magulu. Nambala ya e-voucher iperekedwe pamene matumba aoneka ndi maso, ndipo reji ibwerere kunyumba tsiku lomwelo. Wogulitsa akati katundu kulibe, pitani kwa wina, n'kudziwitsa mlangizi.

Cacisanu, m'banja musakhale nkhongole yobisa. Mwamuna kapena mkazi asadine batani la nkhongole mnzake asanamve. Meseji yofuna ndalama mwamsanga ikafika, ngakhale mau akhale a mwana wanu, dulani foni, muimbe nokha pa nambala imene muidziwa, ndipo mufunse mnansi. Safunsa anadya phula.

Kwa makampani a mafoni tipempha kuti mameseji a ndalama azibwera m'zinenero zathu, ndiponso kuti pakhale njira yakuti munthu atseke yekha nkhongole ndi kubecha pa nambala yake, kapena asankhe waciwiri wovomereza ndalama yaikulu isanatuluke. Ngati makina atha kudziwa kuti tingakongole zingati, sangalephere zimenezi. Kwa boma tikumbutsa kuti feteleza wa pafoni afuna netiweki, ndipo m'boma lino mukali midzi, makamaka ya kutali ndi msewu wa Great East, kumene munthu amayenda mtunda kuti meseji ilowe. Kwa makhansala ndi makomiti a citukuko tinena kuti kucokera mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni, pali gawo la maphunziro a luso. Kuphunzitsa alimi kasamalidwe ka ndalama za pafoni ndi luso lomwe, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi zimene zikutayika.

Ambuya aja anasintha nambala yawo yacinsinsi tsiku lomwelo, ndipo anaiyeseza kudina mpaka zala zinazolowera. Tsiku la Mulungu loyamba la mwezi uliwonse amatsalira pakhomo pa chalichi, anthu awiri a mphakati n'kuwawerengera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Tsopano amatsalira ndi anzawo asanu. Mdzukulu uja akulu anamulamula kuti abweze mwa kupalira munda wonse ndi kuumba njerwa, ndipo akali m'nyumba ya ambuye ake, pakuti mwana salekedwa cifukwa ca kugwa kamodzi. Tipempha apampando a miphakati ndi a makopaletivu onse, a mpingo uliwonse, kuti nkhaniyi aiike pa mndandanda wa msonkhano wawo wotsatira, ndipo asankhe anthu awo awiri.